Kachilombo kooneka ngati tsamba la tiyi: ndi bwanoni kapena chiwala?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mphunzitsi wina amene amakhala kufupi ndi Chitakale, kuno ku Mulanje. Iwo analemba kuti: "Ndinapeza kachilombo kobiriwira pakhoma la nyumba yanga usiku, pansi pa babu, ndipo mapiko ake anali ngati tsamba la tiyi. Ana anga akuti ndi bwanoni, apongozi anga akuti ndi chiwala basi, pamene foni yanga ikuti ndi katydid. Akunena zoona ndani, nanga kodi kangathe mbewu ngati dzombe?" Anatumizanso chithunzi chimene anajambula kachilomboko kali pachikhatho cha mwana wawo.

Aphunzitsi, zikomo potumiza chithunzi chooneka bwino chotere, chifukwa yankho lonse lili pamutu pa kachilomboko. Ambiri akaona kachilombo kodumpha amathamangira kunena ngati ndi kobiriwira kapena kofiirira, koma kubiriwira kumanyenga, popeza ngakhale abwanoni amene timakazinga ena amakhala obiriwira ndipo ena amakhala ngati udzu wouma, koma onsewo ali mtundu umodzi. Choyamba kuyang'ana ndi tinyanga ta kumutu. Pachithunzi chanu tinyangato ndi towonda ngati ulusi wosokera, ndipo tapitirira thupi lonse mpaka kukafika padzanja la mwana wanu. Chiwala chenicheni, kaya ndi dzombe, nunkhadala kapena tsokonombwe uja anatha mtunda ndi kudumpha, chili ndi tinyanga tatifupi ndi tonenepa, tosafika ngakhale pakati pa thupi lake. Choncho foni yanu yalondola, ndipo ana anu sanaphonye patali, chifukwa bwanoni nayenso ndi wa m'banja lomweli, limene akatswiri amalitcha Tettigoniidae ndipo lili ndi mitundu masauzande angapo padziko lonse. Dzina loti katydid linachokera ku North America, kumene anthu ankamva ngati mtundu wina wa kumeneko ukutchula mawu amenewa ukamalira usiku.

Komabe kachilombo kanu si bwanoni weniweni. Bwanoni ndi wowonda ndi wautali, mapiko ake ndi ang'ono m'lifupi ngati tsamba la udzu, ndipo mutu wake ndi wosongoka kutsogolo, nkhope yake ikupendekera chakumbuyo. Amadya njere za udzu, mpunga ndi mapira, n'chifukwa chake amachuluka mvula ikamatha udzu utabala, ndipo nsagwada zake ndi zolimba moti aliyense amene anamugwirapo ali mwana amakumbukira kulumidwa chala. Ku Uganda kachilombo kameneka amakatcha nsenene ndipo amakakola ndi magetsi owala kwambiri ndi malata n'kukagulitsa pamsika. Kanu kali ndi mutu wozungulira ndi mapiko otambalala okhala ndi mitsempha yotengera ya tsamba, ndipo malo ake ndi m'mitengo ndi m'zitsamba, kumene kamadya masamba. Mitundu ina yotere imakhala ndi timadontho tofiirira pamapiko, tofanana ndi pamene tsamba layamba kuuma, kotero kuti mbalame imadutsa osakaona. Ine ndinayang'anapo nthambi ya mpoza kwa kanthawi ku Likhubula, mwana akundilozera kuti "si uyo apo, agogo," ndipo ndinakaona pokhapokha katasuntha mwendo.

Apongozi anu musawatsutse pagulu. Makolo athu anapereka mayina apaderadera makamaka kwa tizilombo timene timadyedwa, timene timawononga mbewu kapena timene timauza anthu nyengo, ndipo totsala tonse todumpha anangotiika m'thumba limodzi la ziwala. Iwo akuyankhula monga mwa mwambo umenewo.

Mukadzagwiranso kena, pali zinthu zina zimene mungaonetse ana a m'kalasi mwanu popanda chipangizo chilichonse. Gwirani kachilomboko mofatsa m'mapiko, ndipo muyang'ane mwendo wakutsogolo, mmunsi pang'ono mwa bondo. Mudzaona kachibowo kakang'ono kapena kachigamba kowala, ndipo limenelo ndi khutu. Abwanoni ndi abale awo onse amamvera m'miyendo yakutsogolo, pamene makutu a chiwala ali m'mbali mwa mimba, pafupi ndi pamene payambira miyendo yodumphira, ndipo amabisika pansi pa mapiko. Kalilidwe nakonso n'kosiyana, pakuti bwanoni wamwamuna amakhuza phiko lina lakutsogolo pa linzake, makamaka usiku, pamene ziwala zambiri zimakhuza mwendo wakumbuyo paphiko dzuwa likuswa mtengo. Ngati kumatako kuli kanthu kooneka ngati mpeni kapena kachikwakwa, dziwani kuti mwagwira kakakazi. Ana amaopa poganiza kuti ndi mbola, koma ndi choikira mazira m'nthaka, m'phesi la udzu kapena m'tsamba, ndipo sichiluma munthu.

Pali mmodzi amene angakusokonezeni pa lamulo la tinyanga, ndiye nkhululu, chifukwa nayo ili ndi tinyanga tatitali ndi makutu a m'miyendo. Kusiyana kwake ndi kwakuti mapiko a nkhululu amagona chafulati pamsana, pamene a bwanoni amatsetsereka mbali zonse ziwiri ngati denga la nyumba. Nkhululu ndi yofiirira, ya mutu waukulu wozungulira, ili ndi timichira tiwiri kumbuyo, ndipo imakhala kuuna wa kamulu ka dothi, kumene imakokerako timbewu tanthete timene yadula usiku, n'chifukwa chake osamalira nazale samaikonda. Nyenje imene imatigonthetsa m'khutu mu Okutobala ilibe nawo ubale wapafupi, popeza ilibe miyendo yodumphira ndipo imayamwa madzi a mtengo ndi kamlomo konga singano.

Tsopano za mantha anu a dzombe. Dzombe la kuno ndi chiwala chachikulu cha tinyanga tatifupi, ndipo likakhwima mapiko ake am'kati amafiira chakutsinde, zimene zimaoneka bwino likauluka. Limaswana m'madambo akuluakulu monga a m'mbali mwa Nyanja ya Chilwa, kupitirira Phalombe, ndipo mliri wake waukulu womaliza m'chigawo chino cha Africa unatenga zaka za 1930 mpaka 1944. Kachilombo kanu kamakhala kokha, sikauluka m'chigulu, ndipo zimene kangadye usiku wonse ndi kachibowo kamodzi kapena tiwiri patsamba. Ngati muli ndi dimba kapena munda wa chinangwa, amene muyenera kumuyang'anira ndi nunkhadala, wa mawangamawanga achikasu, akuda ndi ofiira, amene ana ake amaunjikana pa chomera chimodzi n'kuchisiya mitsempha yokha. Iye sabisala ngati kanu, chifukwa amadya zomera za poizoni ndipo fungo lake lokha limathamangitsa mbalame.

Simunafunse za kudya, koma ndikudziwa kuti ana akangomva dzina la bwanoni amayamba kufuna chiwaya ndi mchere. Auzeni kuti akazinge okhawo amene akuluakulu a pamudzi amawadziwa, ndiponso asatole tizilombo m'minda ya tiyi kapena m'madimba mmene mwangopoperedwa mankhwala. Ka masamba aka kakadzabweranso pa babu, kanyamuleni mukakaike pa mtengo wa mapeyala kapena pa mpanda wamaluwa kuseri kwa nyumba, kenaka mukatuluke ndi tochi cha m'ma 8 koloko usiku ndi kumvetsera. Kakakhala kakamuna mudzamva kaphokoso kakafupi kobwerezabwereza kuchokera m'masamba, kosiyana ndi mluzu wautali wosalekeza wa bwanoni wa muudzu.