Yankho kwa asuweni pa nkhani ya mwana wofatsa

Asuweni, uthenga wanu ndaumva. Mwafunsa kuti mwana amayamba kukhala pansi yekha ali ndi miyezi ingati, ndipo yankho lake ndi lakuti ambiri amatero pakati pa miyezi 6 ndi 9. Koma inu ndinakudziwani tikuweta mbuzi limodzi, ndipo chimene chikukuvutani simuchifunsa mwachindunji, mumayamba mwazungulira ngati munthu wokafunsira mbeta. Mwana wanuyo ali ndi miyezi 4 yokha, anabadwa kutatsala milungu 6 kuti masiku ake akwane, ndipo tsiku la chinkhoswe chija ndinamva apongozi anu akumuyamikira kuti ndi wofatsa, satakataka. Ndikuganiza kuti mawu amenewo ndi amene akukusowetsani tulo.

Mukuwakumbukira atsibweni a ku Bangula... ayi, ndalakwitsa, nthawi imeneyo anali akadali ku Ngabu, madzi aja asanawasamutse. Ng'ombe ikabereka, iwo sankathamangira kukaligwira thole. Ankatenga kampando kawo m'mamawa dzuwa lisanayambe kuotcha, n'kukhala kunja kwa khola osayankhula, ndipo ife tikafuna kulowamo ankatibweza ndi ndodo, amvekere, "Mukaligwira muona mantha ake, mphamvu zake simuziona." Chaka china kunabadwa thole lonenepa limene aliyense ankaliyamikira kuti ndi lofatsa, koma iwo ataliyang'ana masiku awiri ananena kuti miyendo yake ikuyendera pamodzi ngati yomangidwa ndi chingwe. Azakhali anawaseka kuti ayamba ung'anga, ndipo inunso munaseka nawo, musakane. Patapita milungu yochepa, tholelo linkalephera kutsatira make ku dambo, moti atsibweni ankachita kulitungira madzi ndi kulimwetera udzu okha.

Musandikwiyire kuti ndayerekeza mwana wanu ndi thole. Ndatero chifukwa katswiri wina wa ku Austria, Heinz Prechtl, anakhazikitsa njira youniikira ubongo wa khanda poyang'ana mmene likudzigwedezera lokha, popanda woligwira kapena woliseweretsa. M'milungu yoyambirira mwana wabwinobwino amapinda ndi kutambasula thupi lonse mosinthasintha, manja, miyendo, khosi ndi msana, osati kuumitsa ziwalo zonse nthawi imodzi n'kuzimasulanso nthawi imodzi. Kuyambira milungu 9 mpaka 20 kumabwera timayendedwe ting'onoting'ono tosaleka m'zikhatho, m'mapazi, m'chiuno ndi m'khosi, ngati mwanayo akuvina chamumtima. Timayendedwe timeneti tikasowa, madokotala amada nkhawa ndi vuto la ubongo lolumalitsa ziwalo, lija amati cerebral palsy. Milunguyo amawerenga kuchokera tsiku limene mwana amayenera kubadwa, choncho wanuyo ali ndi milungu pafupifupi 11, ndipo nthawi yoyenera kumuona ndi ino.

Tsono mundimvetse, musadikire kuti muone ngati adzakhale pansi. Mumugoneke chagada pamphasa, ali maso, atakhuta, asakulira, atavala thewera lokha, ndipo ndi kutentha kwa ku Nchaloko zimenezo sizivuta. Mumujambule kanema wa mphindi 3 mpaka 5 pafoni, thupi lonse likuoneka, ndipo pasakhale womuitana kapena womuombera m'manja, ngakhale agogo ake. Kanemayo mupite naye ku sikelo pamodzi ndi mwana ndi kabuku kake, ndipo muwafotokozere anamwino kuti anabadwa masiku asanakwane, ngati anachedwa kulira pobadwa, ngati anadwalapo chikasu, ndiponso ngati zikhatho zake zimangokhala zofumbata kapena amagwiritsa ntchito dzanja limodzi lokha. Mupemphe kuti amuone dokotala kapena a mafizo, ndipo akaona kuti n'koyenera angathe kukutumizani ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre.

Sindikunena kuti mwana ali ndi vuto, pepani ngati zamveka choncho, pakuti ine sindinamuone akudzigwedeza, ndipo makanda ena ofatsa amakhala bwinobwino. Ndikunena kuti ngati pali kanthu, mafizo amathandiza kwambiri akayambika ubongo ukadali wanthete. Choncho mupite sabata ino, osati akakwanitsa miyezi 9. Ndikubwerezanso, popeza inu mumamva kachitatu ngati atsibweni omwewo: kanema mujambule mawa m'mamawa, ndipo tsiku la sikelo likafika musatume munthu, mupite nokha pamodzi ndi bambo ake.