Kumanga VS Code pa laputopu ya 4 GB: yankho kwa achimwene a ku Mpondasi

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wina wa ku Mpondasi amene akuphunzira kulemba mapulogalamu payekha, yofunsa za VS Code, pulogalamu yolembera khodi. Ndadumpha malonje, funso lake nali: "Akulu, ndamva kuti khodi ya VS Code ili poyera pa GitHub. Ndikufuna ndiimange ndekha kuchokera ku khodiyo, osati kungodawuniloda yomangamanga. Laputopu yanga ili ndi Ubuntu, RAM ndi 4 GB, intaneti ndimagwiritsa bandulo ya pa foni. Ndiyambire pati?"

Achimwene, ndikuuzani njira yake yonse, koma ndinene poyambirira pomwe kuti pa makina amenewo ine sindikanayambira VS Code. Chifukwa chake muchiona.

Tiyambe ndi chinthu chimene ambiri sachidziwa. Zimene zili pa GitHub, webusaiti yosungirako khodi, si zimene mumadawuniloda ku webusaiti ya Microsoft. Khodiyo imatchedwa Code - OSS ndipo ili pa laisensi ya MIT, ija imakulolani kuitenga, kuisintha, ngakhale kuigulitsa. Microsoft, amene anatulutsa VS Code mu 2015, amatenga khodi yomweyo, n'kuikapo dzina ndi chizindikiro chawo, n'kutsegula ka mbali kotumiza kwawo za mmene mukugwiritsira ntchito pulogalamuyo, kenako n'kuitulutsa pa laisensi yawoyawo. Ndiye ngati chimene chikukupwetekani mutu n'chakuti simukufuna kutumiza zinthu kwa eni ake, musadzivutitse: kuli gulu limene limamanga kale khodiyo popanda zimenezo, dzina lake VSCodium. Mumangodawuniloda fayilo ya .deb, ija yoikira pulogalamu pa Ubuntu, kamodzi, nkhani yatha. Kumanga nokha n'kwa munthu amene akufuna kulowa m'kati, kusintha kena kake ndi kuona chimene chichitike.

Ngati cholinga chanu n'chimenecho, zofunika ndi izi. Git, Python, kompaila ya C ndi C++, ndi Node.js. Pa Ubuntu zambiri zimabwera ndi mzere umodzi:

sudo apt install git build-essential libx11-dev libxkbfile-dev libsecret-1-dev libkrb5-dev python-is-python3

Mwina mukudabwa kuti VS Code, yolembedwa m'chilankhulo cha TypeScript, ikufuniranji kompaila ya C. Muli timagawo tina, monga kowerenga kiyibodi ndi koyendetsa terminal, timene timayankhula ndi Linux mwachindunji, ndipo timeneto timakompailidwa pa makina anu omwewo. Python imafunika chifukwa node-gyp, chida chimene chimayang'anira ntchitoyo, chimaidalira.

Pa Node.js ndi pamene ambiri amagwa chagada. Musatenge ya mu apt, nthawi zambiri imakhala yakale. M'khodi ya VS Code muli kafayilo kotchedwa .nvmrc kamene kamanena nambala ya Node imene ikufunika. Ikani nvm, chida choikira Node, ndipo mukatenga khodiyo lowani mufoda yake, lembani nvm install, iyo iwerenga yokha kafayiloko. Ndipo mukakumana ndi malangizo akale onena za yarn, asiyeni. Opanga VS Code anachoka pa chida chimenecho chodawunilodera zofunika pa khodi n'kusamukira ku china, npm, mu 2024.

Potenga khodiyo, tetezani bandulo yanu:

git clone --depth 1 https://github.com/microsoft/vscode.git

Ka --depth 1 kameneko kakutanthauza kuti mukungofuna khodi mmene ilili lero, osati mbiri yonse ya zosintha kuyambira 2015. Foda muiike pamalo pamene dzina lake lilibe mpata pakati pa mawu. Kenako npm install, ikatha npm run watch, ndipo pa terminal ina ./scripts/code.sh. Pa pepala ndi zomwezo, mizere inayi.

Tsopano ndikuuzeni mmene zinandiyendera ine. Unali mwezi wa October, ndipo inu a ku Mangochi simukufunika kuuzidwa kuti October amatanthauza chiyani kuno: ngakhale kamphepo kochokera ku Shire kamabwera kotentha ngati kadutsa pa mbaula. Laputopu yanga ya nthawi imeneyo inali ya 4 GB ngati yanuyo. Ndinaikhazika pa njerwa ziwiri pakhonde kuti mpweya uzidutsa pansi, foni ili pambali ikugawa intaneti. npm install itafika pakatikati, magetsi anathima, ndipo batire la laputopuyo linali loti silitha ndi theka la ola lomwe. Atayaka usiku ndinayambiranso. Apa ndinaphunzira kanthu kabwino: npm imasunga zimene yadawuniloda kale mufoda ya .npm, ndiye kubwereza sikudya bandulo yonse kachiwiri. Musamafufute foda imeneyo mukapsa mtima.

Vuto lenileni linadza pa npm run watch. Fani inayamba kulira ngati injini ya boti yopita ku Makanjira, mbewa inasiya kuyenda, ndinadikira mpaka tiyi anazizira m'kapu, kenako pa terminal panangotuluka liwu limodzi: Killed. Linux ikaona kuti RAM yatheratu imasankha pulogalamu imene ikudya kwambiri n'kuipha. Kukompaila TypeScript yochuluka chonchija kumafuna malo, ndipo pulogalamu imene mukumangayo imayenda pa Electron, kutanthauza kuti m'mimba mwake muli Chromium, injini ya Google Chrome, pamodzi ndi Node.js. Electron imeneyo imadawunilodidwanso payokha mukayendetsa code.sh koyamba, ndiye musasangalale msanga kuti bandulo yapulumuka.

Pali njira yozembera. Mutha kubwereka malo pa disiki kuti azithandiza RAM:

sudo fallocate -l 4G /swapfile
sudo chmod 600 /swapfile
sudo mkswap /swapfile
sudo swapon /swapfile

Tsekani browser ndi china chilichonse, muisiye usiku. Pa SSD zimapiririka. Pa disiki yakale yozungulira ija, mudzamva ikukukuta ngati chiswe mpaka mbandakucha. Mukaona uthenga wa ENOSPC musathamangire kufufuta zithunzi zanu, kawirikawiri si disiki yadzaza ayi, koma chiwerengero cha mafayilo amene Linux imalola kuyang'aniridwa nthawi imodzi ndicho chakwana, ndiye mumakweza fs.inotify.max_user_watches mu sysctl. Koma kunena mosabisa, ntchito imeneyi imakoma kuyambira pa 8 GB.

Ikayaka, mudzapezanso kuti malo ofufuzira ma extension, timapulogalamu towonjezera pa VS Code, ali mbee. Msika wa ma extension wa Microsoft, malamulo ake amalola mapulogalamu a Microsoft okha. Anzathu a VSCodium amagwiritsa ntchito Open VSX, yoyendetsedwa ndi Eclipse Foundation, ndipo nanunso mutha kuloza kumeneko mu product.json kapena kuika mafayilo a .vsix pamanja. Zina, monga Pylance ya Python, n'za VS Code ya Microsoft yokha basi.

Ndiye ine ndikanakhala inu ndikanatani? Ndikanayamba ndi Geany. Ndi pulogalamu yolembera khodi imene Enrico Tröger anaiyamba mu 2005, yolembedwa kwambiri mu C, ili pa laisensi ya GPL, ndipo ili ndi zimene wophunzira amafuna: kupaka mitundu pa khodi, mndandanda wa ma function pambali, batani lokompailira ndi loyendetsera. Fayilo ya khodi yake ndi ya ma MB ochepa chabe, yoti n'kudawuniloda muli pa kabaza kuchokera pa depoti kukafika pa Bakili Muluzi Bridge. Ikani build-essential ndi libgtk-3-dev, masulani fayiloyo, kenako:

./configure --prefix=$HOME/geany
make -j2
make install

Ka --prefix kaja kakuika zonse mufoda yanu, ndiye simukufunika sudo ndipo simuononga kalikonse pa Ubuntu. Mukatopa nayo mumangofufuta fodayo.

Phindu lake lili pa ./configure. Iyi imafufuza ngati makina anu ali ndi zonse zofunika, ndipo ikasowa kanthu imaima n'kutchula dzina lake. Werengani mizere yomalizirayo modekha, osangoikopera n'kuponya pa gulu la WhatsApp. Kawirikawiri chosowacho ndi phukusi lokhala ndi -dev kumapeto, chifukwa Ubuntu imalekanitsa zoyendetsera pulogalamu ndi zomangira pulogalamu. Mukazindikira zimenezi pa Geany, mauthenga ofiira a node-gyp pa VS Code sadzakuopsaninso, ndi nkhani yomweyo itavala malaya ena.

Ikamangika, chitani ichi. Tsegulani src/about.c, fufuzani mawu akuti "A fast and lightweight IDE", muwasinthe mulembe zanu m'Chichewa kapena m'Chiyao, mwina "Yomangidwa ku Mpondasi". Bwerezani make ndi make install. Mudzaona kuti ulendo uno sizitenga nthawi, chifukwa make imangokompaila fayilo imene yasintha n'kulumikizanso pulogalamuyo. Tsegulani Geany yanu kuchokera mu geany/bin, pitani pa Help, kenako About. Tsiku limene ndinachita zimenezi ndinanyamula laputopu kukaonetsa mlongo wanga akusenda nthochi kukhitchini. Anayang'ana, n'kundifunsa ngati zimenezi zili ndi ndalama.

Za VS Code, dikirani mupeze RAM ina ya 4 GB. Musanagule, lembani sudo dmidecode -t memory muone ngati muli malo otsala komanso ngati yanu ndi DDR3 kapena DDR4, chifukwa ziwirizi sizilowerana. Tsiku lomanga mupite pamalo a Wi-Fi, laputopu itadzaza moto, mupange clone ndi npm install ndi code.sh koyamba muli komweko, zotsalazo mudzamalizira kunyumba. Ikakanika, munditumizire mizere 20 yomaliza ya pa terminal, yolemba osati chithunzi cha pa foni, pamodzi ndi zimene node -v yayankha.