Za nsabwe pa mkombaphala wanuwo

Achemwali, pa funso lanu lija loti mutani poti ana ali ndi nsabwe za m'mutu, musatseke mkombaphalawo ayi, mungoletsa kubwerekana basi. Mwana aliyense akhale ndi chipeso chake, chipewa chake, ndipo pogona masana paja mitu isamagundane pamphasa, chifukwa nsabwe siziuluka kapena kudumpha, zimangokwawa kuchoka mutu uwu kupita uwo. Zipesozo ziviikeni m'madzi otentha kwa mphindi 10, zitenje ndi mapilo muchape ndi madzi otentha nkuyanika padzuwa kapena kusita. Zosachapika mangani mu jumbo masabata awiri, nsabwe ikachoka pamutu siyipitirira masiku awiri ili moyo, masabatawo ndi chifukwa cha mina yomwe ingaswe.

Ine kuno ku Kasungu anga awiri anatengerapo patchuthi kumudzi, chipeso chinali chimodzi nyumba yonse. Wamwamuna ndinangomumeta mpala nkhani nkutha, koma wamkaziyo mmm inali ntchito, ndimakhala naye pakhonde kupesa tsitsi lonyowa ndi kachipeso ka mano othinana, mina ili mbuu kuseri kwa makutu ndi kunkhongo, kumaiphwanya ndi zikhadabo. Ndinalakwitsa kusiya msanga zinabwereranso, poti mina imaswa pakatha sabata kapena kupitirira pang'ono, nde mankhwala a kufamase ngati permethrin muzibwereza pakatha masiku 7 mpaka 10.

Chonde palafini kapena mankhwala opopera fodya pamutu pa mwana ayi, ena amachita koma amawotcha khungu ndipo ndi poizoni. Makolo muwauze mwakachetechete, ambiri amachita manyazi ngati ndi uve pomwe ngakhale mwana wosamba tsiku ndi tsiku amatenga. Mukaona zilonda zotuluka mafinya, mwanabere m'khosi, kapena mwanayo sanakwane zaka ziwiri, pitani naye kuchipatala kaye musanapake chilichonse.