Kwa ojambula makomiki amene mwangofika ku Cape Town

Abale anga amene mwafika kumene muno mu Cape Town mutanyamula mabuku a zojambula zanu m'chikwama, ndikufuna ndikuuzeni msanga chinthu chimene ambiri amachizindikira ndalama ya lendi itawathera kale: makomiki paokha sadyetsa munthu m'dziko lino la South Africa, ndipo ngakhale ku Ulaya ndi ku America ndi ojambula ochepa amene amakhalira ntchito imeneyo yokha. Wojambula amene amakhalitsa ndi yemwe waphunzira kugwira ntchito m'mbali zitatu, ya makomiki, ya makatuni oyenda ndi ya mafilimu a anthu enieni, ndipo wavomereza kuti ntchito zitatuzi, ngakhale zimafuna dzanja lomwelo, zimafuna kaganizidwe kosiyana.

Mwasankha mzinda woyenera. Kuno ndi kumene kuli situdiyo ya makatuni ya Triggerfish, imene inapanga Adventures in Zambezia mu 2012 ndi Khumba mu 2013, ndipo mu 2023 inatsogolera ntchito ya Kizazi Moto ya Disney+ komanso Supa Team 4 ya Netflix. Nkhani ya Supa Team 4 imachitikira ku Lusaka, ndipo anaiyambitsa ndi Malenga Mulendema wa ku Zambia, yemwe analowa kudzera mu mpikisano wa olemba nkhani umene situdiyoyo inachititsa mu 2015, zomwe zikusonyeza kuti munthu wa kwathu kuchigawo chathu angathe kufika patali. Kulinso Cape Town Film Studios, kumene makampani akunja amabwera kudzajambula mafilimu awo. Komanso m'miyezi yotentha, kuyambira cha mu Okutobala mpaka mu Malichi, mumzinda muno mumadzaza makampani ojambula zotsatsa malonda za pa TV, ndipo pafupifupi chotsatsa chilichonse chimayamba chajambulidwa pamanja kamera isanatuluke m'bokosi.

Nkhani ya mapepala ndiinena mwachidule chifukwa mukuidziwa kale. Pasipoti ya Malawi imakulolani kukhala muno masiku 30 ngati mlendo, ndipo chilolezo chimenecho si cha ntchito. Situdiyo yolongosoka idzakufunsani pemiti, akaunti ya kubanki ndi nambala ya msonkho ya SARS, bungwe lotolera misonkho kuno, isanakupatseni ntchito. Ngati zimenezi palibe, maganizo anga ndi akuti ndi bwino kubwerera ku Blantyre kapena ku Lilongwe n'kumagwira ntchito za makampani akunja kudzera pa intaneti, kusiyana ndi kukhala muno mobisala, chifukwa wojambula wopanda mapepala ndi amene amalipidwa theka la mtengo ndipo alibe kokadandaula.

Tsopano ku ntchito yeniyeniyo. Khomo limene limatsegukira msanga wojambula makomiki ndi la storyboard, kutanthauza timabokosi tosonyeza mmene kamera idzaonere nkhani kuchoka pa chithunzi china kupita pa china. Ambiri amaganiza kuti popeza komiki nayonso ndi timabokosi, ndiye kuti ntchitoyi akuidziwa kale, ndipo apa ndi pamene amalepherera mayeso oyamba. Pa tsamba la komiki mwini wake ndinu: kabokosi kena mumakakulitsa, kena mumakachepetsa, kena mumakaimika chotalika, ndipo chodabwitsa mumachibisa kuseri kwa tsamba kuti wowerenga achione akatembenuza. Wowerengayo ndi amene amasankha liwiro, ndipo akafuna amabwerera m'mbuyo. Mu filimu bokosi ndi limodzi lomwelo kuyambira poyamba mpaka pamapeto, lotambalala m'mbali, ndipo nthawi imayenda pa zithunzi 24 pa sekondi iliyonse, woonera afune asafune. Choncho mukajambula anthu awiri akucheza, wina kumanzere wina kumanja, simungamuike wakumanzere uja kumanja m'kabokosi kotsatira chabe chifukwa nkhope yake ikukongola kuchokera mbali imeneyo. Mukatero mwadumphitsa kamera mzere umene opanga mafilimu amausamala kwambiri, ndipo woonera adzaganiza kuti anthuwo asinthana malo. Pa tsamba wowerenga angakukhululukireni zimenezi, koma dayilekitala sangakukhululukireni.

Chinanso chimene chimapweteka mtima wa wojambula makomiki ndi chakuti storyboard safuna kukongola. Tonse tinazolowera kukhala tsiku lathunthu pa tsamba limodzi, tikukhwimitsa mizere ya inki ndi makwinya a malaya. Mu situdiyo dayilekitala amakhala pambali panu, akufotokoza kuti galimoto ituluke pakona, mwana atembenuke, kamera itsike mpaka pa mpira umene wagwa, ndipo akamamaliza kulankhula amayembekezera kuona timabokosi tisanu kapena tisanu ndi kamodzi ta mizere yokhwatchakhwatcha, tokhala ndi mivi yosonyeza koyenda kamera. Akationa angathe kutaya tinayi n'kunena kuti muyambenso. Musakhumudwe nazo, chifukwa ntchito yanu kumeneko ndi yothandiza kampani kulakwitsa pa pepala, pamene kulakwitsa n'kotchipa, m'malo molakwitsa anthu ambirimbiri ndi zipangizo zobwereka zili kale pabwalo. Filimu ya Mad Max: Fury Road, imene inatuluka mu 2015 ndipo mbali yaikulu anaijambulira ku Namibia, inayamba ngati timabokosi pafupifupi 3,500, ndipo mmodzi mwa amene anaiumba ndi Brendan McCarthy, wojambula makomiki wa ku Britain.

Ku makatuni oyenda vuto limakhala lina. Mtengambali amene mwamupanga sadzajambulidwa ndi inu nokha, koma ndi anthu makumimakumi, mwinanso adzaumbidwa pa kompyuta kuti azioneka mbali zonse. Adzakuuzani kuti mumujambule chakutsogolo, chammbali ndi chakumbuyo, msinkhu osasintha, ndipo pamenepo m'pamene zimaonekera kuti tsitsi limene limakongola chammbali silingatheke chakutsogolo, kapena kuti chitenje cha maluwa ang'onoang'ono chimene munamuveka mayi wa m'nkhani yanu chidzadya ndalama zambiri pochiyendetsa. Phunzirani kuchepetsa mizere popanda kupha khalidwe la munthuyo. Phunziraninso Storyboard Pro, chifukwa ndi pulogalamu imene masitudiyo ambiri amagwiritsa ntchito, ndipo pamene mulibe ndalama yambani ndi Blender ndi Krita, zomwe ndi zaulere, pamodzi ndi maphunziro aulere a pa intaneti a Triggerfish Academy.

Portfolio yanu, kutanthauza zitsanzo za zojambula zanu zimene mumaonetsa pofuna ntchito, muigawe potengera mtundu wa ntchito. Munthu wofuna wojambula storyboard alibe nthawi yoyang'ana zithunzi zanu zokongola za ngwazi zouluka, iye akufuna kuona nkhani imodzi yaifupi yomveka popanda mawu, monga kondakitala wa minibasi akuthamangitsa munthu amene wathawa osalipira. Ndipo musachite manyazi ndi nkhani za kwathu. Ojambula otengera kalembedwe ka ku Japan ndi ku America alipo ambirimbiri, koma odziwa mmene mayi amakhazikira ndowa pamutu, kapena mmene kabaza amapendekera pakona atanyamula munthu wonenepa, ndi ochepa. Pitani nayo portfolio imeneyo ku zionetsero za makomiki monga Comic Con Cape Town kapena Comic Con Africa ya ku Johannesburg, ndipo mukapeza wojambula wamkulu mumufunse chimene chalakwika, osati ngati zakongola.

Nkhani imene ndikufuna muisamale koposa zonse ndi ya umwini. Lamulo la dziko lino la 1978 loteteza ntchito zaluso limanena kuti chimene mwajambula monga wantchito wolembedwa, pogwira ntchito imene anakulemberani, ndi cha abwana anu, ndipo kupereka umwini kwa munthu wina kumatheka pokhapokha mutasaina pepala. Choncho kontirakiti iliyonse muiwerenge modekha, makamaka ndime zonena kuti zonse zimene mudzapange pa nthawi ya ntchitoyo ndi za kampani. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anapanga Superman, anamugulitsa mu 1938 pa madola 130 okha. Jack Kirby, amene anathandiza kupanga atengambali ambiri a kampani ya makomiki ya Marvel, anakapeza malipiro abwino atakalamba kale, atalowa m'masitudiyo a makatuni, ndipo anamwalira mu 1994, zaka 20 banja lake lisanagwirizane ndi Marvel pa mlandu wa umwini. Pafupi nafe pano, Loyiso Mkize anagwira ntchito zaka zambiri pa komiki ya Supa Strikas, yomwe si yake, koma mu 2014 anatulutsa yake yotchedwa Kwezi, ndipo dzina lake likudziwika lero chifukwa cha komiki yakeyakeyo.

Inunso chitani chimodzimodzi. Ntchito za storyboard zikulipirireni lendi, koma komiki yanu muziijambula pa kompyuta yanu, m'nthawi yanu, osati pa makina a kuntchito, ndipo musanasaine kontirakiti pemphani kuti mayina a atengambali amene munabwera nawo alembedwe papepala lapadera losonyeza kuti si mbali ya mgwirizanowo. Pa maganyu, gwirizanani pasadakhale kuti adzakubwezani kukonza kangati pa mtengo womwewo, ndipo mulandire gawo la ndalama musanayambe, chifukwa makampani ena amalipira patapita mwezi umodzi kapena iwiri ntchito itatha, pamene mwininyumba sadikira. Mufunsenso, ndipo yankho likhale lolembedwa, kuti filimuyo ikadzatuluka adzakulolani kuonetsa zojambula zanu mu portfolio, popeza ntchito zambiri za mafilimu zimabwera ndi pangano losunga chinsinsi, ndipo mungathe kugwira ntchito zaka ziwiri n'kutuluka mulibe tsamba ngakhale limodzi loonetsa kwa bwana wotsatira.