Ngati amawayeza pafupipafupi, nanga Armstrong anapulumuka bwanji?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yokhala ndi funso ili: "Ndimamva kuti ochita mpikisano wa njinga amayezedwa magazi ndi mkodzo pafupipafupi. Zinatheka bwanji kuti Lance Armstrong apambane Tour de France kasanu ndi kawiri osagwidwa? Nanga lero munthu akamati sanapezekepo ndi mankhwala oletsedwa, tizimukhulupirira?"

Zikomo pondilembera. Zotsatira zabwino zochokera ku labotale zimangotanthauza kuti m'kabotolo kamene kanapita kumeneko tsiku limenelo sanapezemo zimene ankafufuza. Za dzana ndi za mawa kabotoloko sikanena.

Tiyambe ndi EPO, mankhwala amene anasokoneza masewerowa m'zaka za m'ma 1990. Thupi limapanga lokha EPO m'impso, ndipo ntchito yake ndi kuchulukitsa maselo ofiira a magazi, amene amanyamula okosijeni kupita m'minofu. Wopangidwa m'fakitale anali wothandizira odwala osowa magazi, koma wopalasa njinga akadzibaya nawo ankakwera mapiri osatopa msanga. Kwa zaka pafupifupi khumi panalibe njira yowapezera. Mu 1997 bungwe loyang'anira masewerowa la UCI linangoika malire: maselo ofiira akapitirira 50 peresenti ya magazi, munthu apume kwa masabata awiri. N'zimene zinachotsa Marco Pantani mu Giro d'Italia, mpikisano waukulu wa njinga wa ku Italy, ya 1999 atatsala pang'ono kupambana. Koma ambiri malirewo anawatenga ngati chilolezo chofika pa 49. Ankayenda ndi timakina todziyezera okha m'chipinda cha hotela, ndipo akamva kuti oyeza afika ankadziika diripi ya madzi amchere kuti magazi asungunuke. Musaiwale kuti magazi okhuthala chotero angathe kuundana n'kupha munthu ali m'tulo. Awa anali anyamata amene anauzidwa kuti popanda jakisoni ntchito palibe, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa nkhani ya zikho.

Njira yopezera EPO mumkodzo inayamba kugwira ntchito pa masewero a Olimpiki a ku Sydney mu 2000. Madokotala achinyengo sanagone. Anaphunzitsa anthu awo kubaya pang'onopang'ono, mumtsempha, usiku, kuti pofika m'mawa zizindikiro zikhale zitazimiririka. Ena anabwerera ku njira yakale: kuchotsa magazi awo omwe, kuwasunga mufiriji, n'kuwabwezera m'thupi mpikisano uli mkati. Apa ndiye pamene sayansi imagomera, chifukwa magaziwo ndi a mwini wake, mulibe chachilendo choti makina achione. Mu 2006 apolisi a ku Madrid atalowa m'nyumba zimene Dokotala Eufemiano Fuentes ankagwiritsa ntchito, anapeza matumba ambirimbiri a magazi olembedwa manambala ndi mayina obisika, ena mwa iwo mayina a agalu a eni magaziwo.

Za Armstrong, mawu oti sanapezekepo ndi kanthu sanali oona kwenikweni. Mu Tour ya 1999 mkodzo wake unasonyeza mankhwala a cortisone, koma panatuluka kalata ya dokotala, yolembedwa tsiku lam'mbuyo, yonena kuti anali mafuta odzola pa zilonda za chishalo. Mu 2005 nyuzipepala ya L'Équipe inalemba kuti mkodzo wake wa 1999 utayezedwanso munapezeka EPO. Nkhaniyo inathera m'malere. Chimene chinamugwetsa mu 2012 ndi umboni umene bungwe la ku America lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero la USADA linasonkhanitsa, kuphatikizapo wa anthu 11 amene anapalasapo naye m'timu imodzi. Analandidwa zikho zonse za 1999 mpaka 2005, ndipo mu Januwale 2013 anavomera pa TV pocheza ndi Oprah Winfrey.

Mukaona bwino, milandu ikuluikulu yambiri inaphulika choncho. Mu 1998 anali a kasitomu amene anaimitsa galimoto ya Willy Voet, wosamalira opalasa njinga a timu ya Festina, pafupi ndi malire a Belgium ndi France, n'kupezamo mankhwala ochuluka, ndipo chaka chotsatira kunakhazikitsidwa bungwe la WADA, lolimbana ndi mankhwala oletsedwa m'masewero pa dziko lonse. Mu 2019 analinso apolisi a ku Austria ndi Germany amene anagwira dokotala wa ku Erfurt, Mark Schmidt. Apolisi amamvetsera mafoni ndi kutsegula mafiriji, zimene labotale singachite.

Komabe sindigwirizana ndi amene amati kuyezaku n'kungotaya ndalama. Kuyambira 2008 aliyense wa m'matimu akuluakulu ali ndi chimene amati pasipoti ya magazi. M'malo mosaka mankhwala enieniwo, akatswiri amasunga mbiri ya magazi a munthu kwa zaka, n'kumaona ngati akusintha mosayembekezeka, makamaka maselo ofiira ongobadwa kumene. Wodzibwezera magazi, thupi lake limachepetsa kupanga maselo atsopano, ndipo zimenezo zimaonekera. Wochenjera angathebe kuzemba pochita pang'ono, koma pang'onopo phindu lakenso ndi lochepa, ndipo wosagwiritsa ntchito mankhwala amakhala ndi mwayi umene mu 1996 analibe. Palinso lamulo loti aliyense azinena kumene adzapezeke kwa ola limodzi tsiku lililonse, ndipo akaphonya katatu m'miyezi 12 ndi mlandu. Michael Rasmussen anachotsedwa mu Tour ya 2007 atavala kale malaya achikasu a wotsogola, chifukwa ananena kuti anali ku Mexico pamene anthu anamuona ku Italy.

Vuto lina lili mbali ina. Makina a masiku ano amaona tizinthu tochepetsetsa, koma sanena kuti tinalowa bwanji m'thupi. Alberto Contador anapezeka ndi kadontho ka mankhwala oletsedwa a clenbuterol mu Tour ya 2010, iye n'kunena kuti kanachokera mu nyama imene anadya. Mlandu unatenga nthawi mpaka 2012, pamene khoti la zamasewero linamulanda chikhocho.

Ndiye za lero, tizikhulupirira? Ine sindiloza munthu chala chifukwa choti wakwera phiri mofulumira kuposa Pantani, popeza njinga, zakudya ndi kakonzekeredwe zasintha kwambiri. Koma wina akadzitchinjiriza ndi chiwerengero cha maulendo amene wayezedwa, sindikhutira. Ndimafuna kudziwa dokotala amene amamuthandiza, mbiri ya akuluakulu a timu yake, komanso ngati timuyo imalola anthu akunja kuona zotsatira za magazi. Dziwaninso kuti malamulo a WADA amalola kusunga magazi ndi mkodzo kwa zaka 10, choncho amene wapambana chaka chino angadzayezedwenso ndi njira zimene panopa sizinatulukiridwe.