Injini ya ndege yanu ikufuna mpweya wozizira, osati chipaipi chachikulu

Ndalandira imelo kuchokera kwa akulu ena a ku Luwinga amene akupanga ndege ya anthu awiri, ya injini ya Volkswagen. Akuti injiniyo sikukoka mmene ankayembekezera, ndiye akufuna kuchotsa fyuluta yosefa mpweya n'kuika chipaipi choyang'ana kutsogolo kuti mphepo izidzikankha yokha mu kabureta, chipangizo chosakaniza petulo ndi mpweya. Akufunsa kuti chikhale chachikulu bwanji.

Akulu, chonde fyulutayo isiyeni pomwe ili.

Mbali ina ya vuto lanu ndi Mzuzu weniweniyu. Bwalo lathu la ndege lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,250 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mpweya wa kuno ndi wopepuka. Injini yopanda turbo (chipangizo chopanikizira mpweya mu injini) imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 alionse amene mwakwera. Musananyamuke n'komwe, 12 peresenti yapita kale, ndipo masana a mu Okutobala imaposa pamenepo. Ku Chelinda pa Nyika, kopitirira mamita 2,000, ndiye osanena. Palibe chipaipi chingakubwezereni zimenezi.

Nanga mphepo yodzikankhayo? Pa liwiro la makilomita 160 pa ola imangowonjezera pafupifupi 1 peresenti. Liwiro likatsika ndi theka, phindulo limatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndiye ponyamuka, pamene mukuifunitsitsa mphamvu, mulibe kanthu. Komanso mukakankhira mpweya kukamwa kwa kabureta koma kachipinda kake kosungira petulo kakupumira kwina, petulo amachepa mu mpweya, injini n'kuyamba kutentha. Mwataya fyuluta, fumbi la m'chilimwe likudya maring'i a mapisitoni, zonsezo chifukwa cha 1 peresenti.

Pamene pali phindu lenileni ndi pa kutentha. Ngati kabureta yanu ikukoka mpweya wa m'kati mwa chivindikiro cha injini, umene wadutsa kale pa masilinda ndi pa ekizozi, mukutaya pafupifupi 1 peresenti pa madigiri 6 alionse. Tengani mpweya wa panja. Paipi ikhale yaifupi, yosalala m'kati, yopanda makona akuthwa, ndipo isachepe kuposa kukamwa kwa kabureta. Fyuluta ikhale yotakata, chifukwa yaing'ono ndiyo imatsamwitsa injini. Pansi penipeni pa bokosi lake boolani kabowo kotulutsira madzi a mvula.

Musanadule chitsulo chilichonse, yezani. Pezani kapaipi ka pulasitiki koonekera, mukapinde ngati chilembo cha U, muthiremo madzi mpaka theka. Mbali imodzi ilowe pakati pa fyuluta ndi kabureta, inayo ikhale pamtetete. Mangirirani ndege ku mtengo wolimba, ikani miyala kumatayala, anthu onse atalikire pulopela, mutsegule mafuta onse. Madziwo akwera mbali imodzi. Kusiyana kwa masentimita 10 ndi pafupifupi 1 peresenti ya mpweya umene fyuluta ndi paipi zikukuberani. Mukapeza masentimita atatu kapena anayi okha, vuto lili kwina: pulopela yolemetsa injini poizunguza, kapena petulo wochuluka chifukwa jeti, kabowo kotulukira petulo mu kabureta, inayezedwera malo otsika. Mapulagi akuda bii ndi mwaye akuuzani zimenezo.

Chimene chandidetsa nkhawa m'kalata yanu n'choti simunatchulemo carb heat, njira yolowetsera mpweya wotentha mu kabureta kuti chinyezi chisaundanemo. Petulo akamasanduka nthunzi pakhosi pa kabureta, kutentha kumatsika ndi madigiri 20 kapena kuposa, ndipo chinyezi cha mu mpweya chimaundana pomwepo, khosi n'kumatsekeka pang'onopang'ono. Sizilira kuti kunja kuzizire kwambiri: madigiri 15 kapena 20 ndi chinyezi n'zokwanira. Inu mukuudziwa m'mawa wa kuno, chifunga chitakuta phiri la Kaning'ina, udzu uli chonyowa. Nyengo yake ndi imeneyo. Choopsa kwambiri n'choti zimakonda kuchitika mwachepetsa mafuta potsika kukatera, pansi pali nyumba za anthu, poti bwalo lathu lili m'tauni.

Mukamabweretsa mpweya wozizira, ikaninso njira yachiwiri: chikuto chachitsulo kuzungulira ekizozi, paipi yopita ku bokosi la fyuluta, ndi kachitseko kamene mungakoke muli pampando. Musananyamuke, kokani. Liwiro la injini liyenera kutsika pang'ono, n'kubwerera mukakankha. Likapanda kusintha, mpweya wotenthawo sukufika, ndipo ndegeyo isanyamuke mpaka mutakonza.