Yo-yo yoyamba ya mwana amene akufuna kuphunzira maluso a pachingwe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa bambo wina amene amawerenga zolemba zanga. Mwana wawo wa zaka 12 wakhala akuonera pa YouTube anthu akuponya yo-yo n'kuikhazika pachingwe chake chomwe, kenako n'kumaidumphitsa kuchoka pa chingwe china kupita pa chinzake, koma yo-yo yowala magetsi imene anamugulira pamsika imangotsika ndi kukwera basi. Mchemwali wawo amene ali ku Johannesburg walonjeza kugula ina pa intaneti ndi kubwera nayo pa Khirisimasi, ndiye bamboyo akufunsa ngati kuli bwino kungogula yachitsulo yodula, yofanana ndi imene akatswiri amaseweretsa, kuti asadzagulenso kawiri.

Bambo, yankho langa ndi lakuti musagule yachitsulo pakadali pano. Auzeni achemwali anu afunefune yo-yo yapulasitiki yotambalala ngati mapiko a gulugufe, yokhala ndi bering'i pakati, imene imabwerera m'manja munthu akangokoka chingwe pang'ono, komanso imene m'bokosi mwake muli bering'i yachiwiri yodzasinthira m'tsogolo. Aonjezerepo mtolo wa zingwe. Zifukwa zake ndizifotokoza bwinobwino, chifukwa mukazimvetsa mudzatha kusankha nokha ngakhale mitundu imene nditchule pano itasowa m'sitolo.

Luso lililonse la pachingwe limayambira pa chinthu chimodzi, chimene osewera amati kugona kwa yo-yo. Yo-yo imati yagona pamene yafika kumapeto kwa chingwe n'kumangozungulira pamalo amodzi osakwera, monga mmene nguli yokwapulidwa bwino imaimira chilili n'kumaoneka ngati sikuyenda. Zimenezi zimatheka chifukwa chingwe sichimangidwa mfundo pa kachitsulo kapakati, koma chimangokolekedwa momasuka kuti kachitsuloko kazizungulira mkati mwake. Kakolekedwe kameneka kanatchuka kudzera mwa Pedro Flores, mbadwa ya ku Philippines, amene anatsegula kampani yopanga ma yo-yo ku Santa Barbara, California, mu 1928, ndipo patapita zaka zochepa bizinesi yake inagulidwa ndi Donald F. Duncan, amene dzina lake lidakali pa ma yo-yo mpaka lero. Ma yo-yo ambiri a pamsika ali ndi vuto limodzi mwa awiri. Ena chingwe chake n'chomangidwa ndithu pakati, choncho sangagone ngakhale pang'ono. Ena ali ndi timasipuling'i ndi timipira tachitsulo mkati timene timatseguka yo-yo ikamathamanga n'kutsekanso liwiro likachepa, motero yo-yoyo imabwerera yokha munthu asanaiitane. Njira imeneyi inatchuka ndi yo-yo ya Yomega Brain m'zaka za m'ma 1980, ndipo imathandiza mwana wamng'ono kwambiri kusangalala tsiku loyamba, koma kwa wofuna maluso a pachingwe imamulanda ulamuliro pa nthawi yeniyeni imene akuufuna. Mwana wanu sakulephera chifukwa chosowa luso ayi, chida chimene ali nacho sichinapangidwire ntchito imene akuchipatsa.

Pa nkhani ya maonekedwe, pali mitundu iwiri ikuluikulu. Woyamba ndi wozungulira ngati bulu wowotcha, wokhala ndi kampata kopapatiza pakati, monga Duncan Imperial, ndipo umenewu ndi wabwino poponya yo-yo kutsogolo mobwerezabwereza kuti izizungulira dzanja. Pa mipikisano masewero otere amachitika ndi ma yo-yo awiri ndipo amatchedwa 2A. Wachiwiri ndi wotambalala, umene mbali zake ziwiri zimatsetserekera pakati ngati fanulo, ndipo umenewu ndi umene umagwiritsidwa ntchito pa 1A, amene ndi masewero a yo-yo imodzi ndi chingwe chimodzi amene mwana wanu akuonera. Kuti muone kufunika kwake, ganizirani luso lotchedwa trapeze, limene ndi limodzi mwa maluso oyambirira a pachingwe. Mwana amaponya yo-yo cham'mbali, chingwe chimakhota pa chala chamkombaphala cha dzanja linalo, yo-yo n'kuzungulira chalacho n'kudzatera pachingwe chomwecho. Ngati mpata wake ndi wopapatiza, ayenera kulunjika ndendende, ndipo akaphonya pang'ono yo-yo imagunda chingwe ndi mbali yake n'kupendekeka. Yotambalala imakhululuka, chifukwa chingwe chikagwera paliponse pa kutsetsereka kuja chimatsikira chokha pakati.

Bering'i nayo ndi yofunika. Ma yo-yo akale ankazungulira pa kamtengo kapena kachitsulo kamene kankakhulana mwachindunji ndi chingwe, choncho m'manja mwa wophunzira ankagona masekondi ochepa okha. Mu 1990 Tom Kuhn, dokotala wa mano wa ku San Francisco amene ankapanganso ma yo-yo, anatulutsa SB-2 yokhala ndi bering'i ya timipira, ndipo m'zaka zotsatira masewerowa anasinthiratu. Yo-yo ya bering'i yoponyedwa bwino imatha kugona kupitirira mphindi yathunthu. Wophunzira amafuna nthawi imeneyi kuposa katswiri, chifukwa manja ake amachedwa, amaima kaye n'kuganiza kuti chala chilowe pati, ndipo yo-yo ikafa asanamalize amayambiranso pachiyambi popanda kudziwa pamene analakwitsa.

Pamene makolo ambiri amataya ndalama ndi pa kabwereredwe ka yo-yo, ndiye apa ndichedwapo. M'masitolo a pa intaneti achemwali anu aona mawu awiri, responsive ndi unresponsive. Yo-yo ya responsive imakwera m'manja munthu akakoka chingwe pang'ono, chifukwa mpata wake ndi wochepa ndipo chingwe chikangolefuka chimagwidwa ndi timphete ta mphira timene tili m'mbali mwa bering'i n'kuyamba kudzikulunga. Ya unresponsive ili ndi mpata waukulu, ndipo mungakoke mmene mungakokere singakwere. Kuti ibwerere, munthu ayenera kudziwa luso lotchedwa bind, limene ndi kulowetsa chingwe chopindidwa mumpata muja mwadala kuti mphira ichigwire. Akatswiri onse a 1A amaseweretsa ya unresponsive, chifukwa pa maluso awo zingwe ziwiri kapena zitatu zimakhala mumpata nthawi imodzi, ndipo yo-yo yomvera msanga ingawalumphire m'zala pakati pa luso. Pafupifupi ma yo-yo onse achitsulo odula ndi a mtundu umenewu.

Ineyo ndinayambira pa yachitsulo ya unresponsive, ndipo ndimakumbukira bwino masiku oyamba aja. Ndinkaponya kamodzi, yo-yo n'kugona mpaka kufa, ine n'kukhala pansi kukulunga chingwe ndi manja, kenako n'kuponyanso. Pa ola lathunthu ndinkaponya maulendo ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene ndikanaponya ikanakhala yobwerera yokha ndikaikoka, ndipo ndinatsala pang'ono kuisiya. Chimene mwana amafunika kwambiri m'masabata oyamba ndi kuponya kambirimbiri mpaka dzanja litazolowera kuponya molunjika ndi mwamphamvu. Kuti bind itheke pamafunika yo-yo yothamanga bwino komanso yosapendekeka, zimene wongoyamba kumene sanazipeze, choncho kumupatsa ya unresponsive tsiku loyamba ndi kumuuza kuti ayambire pa phunziro lachisanu. Kunena zoona pali ana ena amene amayambira pa bind n'kupambana, makamaka akakhala ndi mnzawo wodziwa pafupi woti awagwire dzanja, koma mwana wanu akuphunzira yekha kudzera pa foni, ndipo kwa iye njira yofatsa ndi imene ingamusunge.

Komabe nkhawa yanu yosafuna kugula kawiri ndi yomveka, ndipo opanga ma yo-yo anaiganizira kale. Ma yo-yo ambiri amakono amagwiritsa ntchito bering'i ya saizi C, imene m'lifupi mwake ndi pafupifupi mamilimita 4.8, ndipo pali inzake yopyapyala ya mamilimita pafupifupi 3.2 imene imalowa pamalo omwewo. Mukaika yopyapyala, mbali ziwiri za yo-yo zimayandikana ndipo imakhala ya responsive. Mukaika yaikulu, mpata umakula ndipo yo-yo yomweyo imasanduka ya unresponsive. Recess First Base, Magicyoyo K2 Crystal ndi YoYoFactory One ndi ena mwa ma yo-yo apulasitiki amene amadziwika kuti amagulitsidwa ndi ma bering'i awiriwa. Achemwali anu awerengetsetse zimene wogulitsa walemba kuti zili m'bokosi, chifukwa yo-yo ya dzina limodzi imatha kugulitsidwa m'mabokosi osiyana, ena okhala ndi bering'i imodzi yokha. Mwa atatuwa sindikukakamizani umodzi, chifukwa onse amagwira ntchito imene tikufunayi, ndipo ndi bwino mwanayo asankhe yekha mtundu umene wamusangalatsa m'maso.

Musaganize kuti pulasitiki ndi chinthu chachabechabe. Gentry Stein, amene anapambana mpikisano wa dziko lonse wa 1A ku Prague mu 2014, anapambananso mpikisano wa dziko la United States mu 2015 akuseweretsa YoYoFactory Replay Pro, imene ndi yapulasitiki komanso yotsika mtengo. N'zoona kuti aluminiyamu imalola wopanga kuika kulemera kwambiri m'mphepete, zimene zimachititsa yo-yo kuzungulira nthawi yaitali ndi kusapendekeka msanga, koma phindu limeneli limaoneka pa maluso ataliatali amene mwana wanu adzawafike patapita miyezi. Pakadali pano yo-yo yake idzagunda pansi kangapo pa tsiku, ndipo m'nyumba zathu zambiri pansi ndi pasimenti. Yachitsulo ikagunda simenti imakumbika, m'mphepete mwake mumakhala mokala manja, ndipo nthawi zina imayamba kunjenjemera pozungulira. Ikabwerera mosayembekezereka n'kugunda mfundo za zala kapena mlomo, kupweteka kwake n'kosiyana ndi kwa pulasitiki. Za kulemera musavutike nazo, chifukwa ambiri a msinkhu wabwino amakhala pakati pa magalamu 60 ndi 70, ndipo mwana wa zaka 12 amawakwanitsa. Mungopewa timayo-yo tating'onoting'ono ta m'thumba, chifukwa n'tovuta kuteretsa pachingwe.

Chingwe ndi chimene chimatha msanga, ndipo kwa ife amene tili kutali ndi masitolo ake ndi chimene chingaimitse masewero onse. Chimada ndi thukuta, chimalimba, chimanyenyeka, ndipo chikafika pamenepo chingaduke yo-yo ili pa liwiro n'kukaswa galasi kapena kuvulaza munthu. Mwana wosewera tsiku lililonse amafunika kusintha chingwe pakangopita masiku angapo. Achemwali anu agule mtolo wa zingwe 50 kapena 100 za poliyesita, chifukwa ndi zimene osewera ambiri a ma yo-yo a bering'i amagwiritsa ntchito, ndipo sizilemera m'chikwama. Ulusi wosokera nsapato kapena wolukira zipewa sungalowe m'malo mwake, popeza chingwe cha yo-yo ndi ulusi umodzi wopindidwa pawiri n'kupotedwa, ndipo kumunsi kwake kumatseguka kuti bering'i ilowemo. Kutalika koyenera ndi kuchokera pansi kufika cha pamchombo wa mwanayo, ndiye zingwe zatsopano, zimene kawirikawiri zimabwera zazitali, muzizidula n'kumanganso mfundo. Kumtunda apange kamfundo kothina kokha ngati khwekhwe n'kukavala pa chala chapakati, pakati pa mfundo yoyamba ndi yachiwiri.

Pali chinthu china chimene chimakhumudwitsa ana ambiri chifukwa palibe amene anawauza. Kuponya kulikonse kumaonjezera kapena kuchepetsa kupotana kwa chingwe. Kwa wa dzanja lamanja chingwe chimanka chithinirathinira, pamene kwa wamanzere chimanka chimasukiramasukira. Chikathina kwambiri chimapiringizana chokha ndipo yo-yo imakana kugona, mwana n'kumaganiza kuti yawonongeka. Mankhwala ake ndi kungoisiya yo-yo ilendewere kumapeto kwa chingwe kuti izungulire yokha mpaka itaima, kapena kuvula chingwe ku chala n'kuchisiya chimasuke.

Pa kasamalidwe, mdani wamkulu wa bering'i ndi fumbi, choncho m'miyezi ya chilimwe mwana asasewerere pabwalo la dothi. Asewerere pakhonde poyala mkeka kapena pa kapinga. Mafuta ophikira asayandikire bering'i, chifukwa amamata ndi kusonkhanitsa litsiro. Pali mafuta ake enieni a mitundu iwiri, olimba amene amathandiza yo-yo ya responsive kubwerera msanga, ndi opepuka a bering'i yaikulu ija, ndipo kadontho kamodzi kakang'ono kamakwanira. Ngati ndalama zilipo, kabotolo ka olimbawo n'kothandiza, chifukwa bering'i yopyapyala ikauma yo-yo imayamba kuchedwa kumvera.

Bering'i yachiwiri ija muisunge inuyo, Bambo, kuti isasowe komanso kuti mwana asaithamangire. Ayambe ndi kugoneka yo-yo molunjika, kenako aphunzire kuponya cham'mbali kumene amati breakaway, kenako trapeze ndi maluso ena a pachingwe otchedwa brain twister ndi double or nothing, zonsezi pa bering'i yopyapyala. Mudzadziwa kuti nthawi yosintha yakwana pamene azidzakhazika trapeze maulendo ambiri mwa amene wayesa, komanso pamene azidzadandaula kuti yo-yo ikumulumphira m'zala akaika zingwe ziwiri mumpata. Tsiku limenelo mumasule mbali ziwirizo pozipotoza, muchotse bering'i yopyapyala ndi kachida kake kapena ndi pulayala mofatsa poigwedezera uku ndi uku, n'kuika yaikulu. Ngati m'bokosi munabwera kachitsulo kapakati kotalikirapo, muikenso kameneko, chifukwa kakafupi sikagwira mokwanira mpata ukakula. Pomanganso muonetsetse kuti chingwe sichinapanikizike m'mbali mwa bering'i, ndipo mukamva kuti mbali ziwirizo zagwirana mulekere pomwepo, chifukwa kumanga mopitirira kumadya mazinga a kachitsuloko kapena kung'amba pulasitiki.